Laputopu ya Mlamu Wanga

1

Dzina langa ndine Marjory. Ngati mumagwira ntchito cha ku Longacres mwina munandionapo, mkazi wamfupi wotsika basi ya ku Matero akukangana ndi kondakitala, chikwama cha laputopu chili kumsana. Pakamwa panga sipachedwa, ndipo mayi anga amati ndinabadwa ndikuyankha kale. Koma nkhani iyi yandikhala pakhosi kuyambira nyengo yozizira, ndipo mwamuna wanga saidziwa.

Ndinakulira ku Kalingalinga, ngakhale makolo anga ndi a ku Chipata. Ndinakwatiwa ndi Chiti, Mubemba wa ku Kasama amene amakonza mafiriji pamsika wa ku Matero. Nyumba yathu ili kuseri kwa nyumba ya mkulu wake, Ba Kalumba, moti mchere ukatha kwathu timangopatsirana pampanda.

Ba Kalumba ndiwo anandipezera ntchito. Kampani yathu imalondola malole a katundu pamsewu, kuti mwini katundu aziona pafoni ngati lole yake ili ku Nakonde kapena yaima ku Kapiri. Pulogalamu yoyamba ya kampaniyo inalembedwa ndi iwowo, kampani ikadali m'kachipinda kamodzi. Ine nditamaliza sukulu ya makompyuta ndinakhala pakhomo mpaka masiketi anayamba kundithina. Iwo ananditengera kwa mabwana, nkundikhazika pambali pawo, nkundiphunzitsa zonse zimene ndikudyera lero.

Kunyumba anali mlamu wamkulu, ndipo ndinkagwada powapatsa madzi. Kuntchito tinali pa chimbuya. Kwa inu amene simuli a kuno, Abemba ndi ife a Kum'mawa timanyozana poyera, ndipo wonyozedwayo saloledwa kukwiya, amangobweza.

"Mwafika ba Chipata? Mbeba zasila ku nyumba?" ankandifunsa m'mawa.

"Zikalipo mukwai. Nakusungilani mchila wa kolwe wa pa lanchi."

Kolwe ndi nyani. Ofesi yonse inkaseka, iwo nkuvala timawaya tawo ta m'makutu, ntchito nkuyamba. Timawayato sankachotsa tsiku lonse, ndipo anyamata ankati mdala amamvera nyimbo za kalindula.

2

Mavuto anayamba tsiku limene malole onse anasowa pamapu. M'mawa wonse mafoni ankalira, eni katundu akutukwana, ife tikutuluka thukuta. Mnzathu wina anali atakonza kanthu kakang'ono usiku wake, ndipo titamufunsa anayankha mawu amene aliyense wa ife anali atawanenapo.

"Pa laputopu yanga visebenza bwino."

Ndikufotokozereni pang'ono. Pulogalamu sitiilemba yonse tokha. Timatenga tizidutswa tolembedwa kale ndi anthu ena, timene timati mapaketi, nkumangapo zathu. Tsono kwathu aliyense anali ndi mapaketi akeake, wina a chaka chatha, wina a dzana, wina osadziwika ndi kumene anawatola. Chinthu chinkagwira ntchito kwa mwini wake, chikafika pa kompyuta yaikulu ya kampani nkufa.

Mkulu wathu watsopano, Ba Nsofwa, mayi wa ku Kitwe wosakonda kubwereza mawu, anatiitana tonse.

"Ivi vasila lelo," anatero. "Tibweretsa chinthu chimozi chosunga mapaketi yonse. Chikakamba kuti tisebenzesa iyi, ni iyi pa laputopu iliyonse. Vamene sichiziba, chichosa."

Dzina lake lenileni ndi lachingerezi, koma pofika masana anyamata anali atachitcha kale Kapitawo, ndipo dzinalo linakhala. Kapitawo akalowa mu laputopu amasesa zonse zakale, nkumanganso mwatsopano mofanana ndi ya mnzako. Ukafuna kanthu kapadera uyenera kupempha pagulu, pamene aliyense akuona, ndi kunena chifukwa chake.

"Marjory, iyi nchito ni yako," anatero Ba Nsofwa. "Ukaisiliza bwino tizakambako vina. Mabwana bafuna munthu wosogolera timu."

Mtima wanga unadumpha. Ndinaona kale firiji yatsopano, ndinaona ndikutsika takisi pageti m'malo mopanikizana m'basi.

Ba Kalumba anachotsa kawaya kamodzi kukhutu.

"Ba Nsofwa, sininakane. Koma ichi chinthu chikali mwana. Tiyeni tiyembekezeko."

"Tayembekeza kudala, mukwai. Malole yanasowa pamene tinali kuyembekeza."

Ba Kalumba anabwezera kawaya kukhutu.

3

Ntchito inayenda ngati madzi. Pakhoma la ofesi panali sikirini yaikulu yosonyeza malaputopu onse. Imene Kapitawo walowamo inkaoneka yobiriwira, yotsalira inkaoneka yofiira. Sabata ndi sabata zofiira zinkachepa, mpaka inatsala imodzi, pakona, yolembedwa dzina la mlamu wanga.

Zifukwa sizinkawathera. Lero akukonza za ku Nakonde, mawa kasitomala wa ku Chirundu wadandaula, mkuja mutu ukuwawa. Anyamata anayamba kunong'ona kuti mdala akuopa kuti ana amupitirira.

Tsiku lina ndinawapeza okha kukhitchini ya ofesi akupapasa pashelefu kufunafuna kapu yawo. Ndinawapatsa.

"Mulamu, nipaseni chabe laputopu. Pa lanchi nizasiliza."

"Osanifulumiza, mwana wanga."

"Mwasala mweka. Banthu bayamba kukamba."

"Balekeni bakambe. Muli tunthu twanga muja twamene nifuna kusamusa bwino-bwino. Nipase nthawi, nizakuuza nikakonzeka."

Ndinapsa mtima, ndisaname. Munthu yemweyo amene anandikweza ndi amene tsopano ankandigwira mwendo. Ndinatuluka osamwa ngakhale tiyi wanga.

Madzulo a tsikulo Ba Nsofwa anandiitana nkutseka chitseko.

"Pa Chisanu nipeleka lipoti kuli mabwana. Nifuna khoma lonse likhale gilini. Ndipo nikuuze monga mwana wa pa nyumba, kumwamba kuja bayamba kufunsa ngati Ba Kalumba bakali kufuna kusebenza na ise. Kambani nabo, nchito yabo ili pa ngozi."

Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri. Ndinadziuza kuti ndikakonza laputopu ija ndiye kuti ndapulumutsa ntchito ya mlamu wanga. Pali chinthu chimodzi chimene sindinakuuzeni, ndipo mundilole ndichinene pamalo pake.

4

Lachinayi kunagwa maliro ku Chawama, a mnzawo wa Ba Kalumba wa m'kwaya ya kutchalitchi. Anafika ku ofesi m'mawa atavala kale jekete lakuda, nkubwera patebulo langa.

"Mulamu, nayenda ku malilo, nizabwela pa Mande. Laputopu naisiya mu dilowa. Ngati va ku Nakonde vavuta, ungene ukonze."

Anawerama nkundinong'oneza pasiwedi yawo. Malamulo a kampani amaletsa zimenezo, koma kwathu munthu akamapita kumaliro amasiya makiyi a nyumba kwa m'bale wake, safunsa malamulo. Ba Kalumba sanapatsepo munthu wina aliyense pasiwedi imeneyo.

Za ku Nakonde sizinavute. Ndinadikira anzanga apite kukadya, ndinatsegula dilowa, nkuika laputopu ija patebulo langa. Inali yakale, mabatani ake ofufutika zilembo. Nditaitsegula, zilembo za pa sikirini zinali zazikulu ngati za pa chikwangwani cha sitolo, ndipo kuchokera m'timawaya tija, timene anatisiya tili chilumikizire, munkamveka timawu tolankhula mothamanga. Ndinatizula.

Kapitawo ali ndi ulemu wake. Asanasese amayamba wafunsa. Anandiuza kuti wapeza zinthu zimene sakuzidziwa, ndipo akazichotsa sizibwereranso, kodi apitirize? Ndinayang'ana kukhomo, ndinayang'ana pakhoma paja pamene panali kadontho kofiira, nkudina kuti inde.

Sizinatenge nthawi. Anzanga pobwerako anapeza khoma lonse lili lobiriwira, ndipo wina anaimba mluzu. Ba Nsofwa anandigwira paphewa.

"Bavomela mdala?"

"Banisiyila laputopu beka," ndinayankha. Linali bodza lovala malaya a choonadi, ndipo linatuluka mosavuta.

Ndinadzilonjeza kuti ndiwauza Loweruka. Loweruka ndinawaona pampanda akuthirira ndiwo zawo zamasamba, ndinawapatsa moni nkulowa m'nyumba. Lamlungu kutchalitchi anakhala kutsogolo kwanga, ndipo ndinayang'ana nkhongo yawo mapemphero onse. Ndinati basi Lolemba m'mawa, miting'i isanayambe.

5

Lolemba mabasi anavuta, ndipo Ba Kalumba anafika miting'i itayamba. Munali anthu ambiri kuposa masiku onse, chifukwa mabwana awiri a kumwamba anatsika kudzaona Kapitawo wawo. Mlamu wanga anatenga laputopu mu dilowa nkukhala pampando wapafupi ndi khomo.

Ba Nsofwa anandiyamikira pamaso pa onse. Kenako anafuna kuwakonzera mbiri mlamu wanga, ndikudziwa kuti cholinga chawo chinali chabwino.

"Ba Kalumba nabo bangena. Mukwai, lumikizani ku sikirini ikulu, mutilangize mwamene va ku Nakonde viyendela manje."

Ndinaona nkhope ya mlamu wanga ikusintha. Anatsegula laputopu, anavala timawaya, analemba pasiwedi osayang'ana mabatani. Anadina mabatani atatu pamodzi nkupendeketsa mutu ngati munthu womvetsera. Anadinanso. Anakankhira kawaya mkati mwa khutu nkudinanso kachitatu.

Pakhoma panaoneka tizilembo ting'onoting'ono ta Kapitawo, ndi mzere umodzi wofiira pansi pake.

"Ni kanthu kang'ono ako," anatero Ba Nsofwa. "Belengani chabe mzele ofiila, muzaona."

Ba Kalumba anasendeza nkhope ku laputopu mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Kenako anadzutsa mutu nkuyang'ana kukhoma, koma anayang'ana kumbali kumene kunali kalendala. Mmodzi wa mabwana aja anaika cholembera pansi.

Ndinamva ngati maso onse atembenukira kwa ine, ngakhale palibe amene ankandiyang'ana. Ndinafuna anthu aseke, ndipo pakamwa panga panachita zimene panazolowera.

"Balekeleleni ba mbuya banga. Bakolwe bamene banadya ku Kasama babamanga menso."

Anthu anaseka, ngakhale mabwana aja. Pa chimbuya zinayenera kuthera pomwepo. Iwo akanati maso anga ndi ang'ono chifukwa chosuzumira m'mauna a mbeba, tonse tikanaseka, wina nkuwawerengera mzere uja.

Ba Kalumba sanabweze. Anachotsa timawaya pang'onopang'ono, nkutikulunga pachala, nkutiika m'thumba la malaya.

"Ba mbuya bakamba zoona," anatero. "Siningabelenge. Menso yanga yanasila kudala."

Kuseka kunazima. Anatseka laputopu, anaimirira, anapapasa chitseko mpaka anapeza chogwirira, nkutuluka.

6

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikubisa. Onse m'chipinda muja anadabwa, kupatula ine. Ndinkadziwa.

Chiti anandiuza kale, dzinja lisanathe. Linali Lamlungu masana, ine ndikuyanika zovala, iye atakhala pandowa akusewera ndi sikuludiraiva. Anati wakhala akuperekeza mkulu wake kuchipatala cha maso, ndipo madokotala akuti matenda a shuga adya kuseri kwa maso onse awiri. Pakati saonapo kanthu, amangoona m'mbalimbali ngati muli utsi.

"Manje basebenza bwanji?" ndinamufunsa.

"Banazipangila kapulogalamu. Kamababelengela vonse mu matu, na kukulisa malemba. Uganiza ni nyimbo zija?" Kenako anandigwira dzanja. "Marjory, osauza munthu. Banilumbilisa. Bakaziba kuti nakuuza, sibazanikhululukila."

Choncho pamene ankati muli tinthu tawo mu laputopu, ndinkadziwa kuti ndi tinthu tanji. Kapulogalamu kawo kanamangidwa pa mapaketi akale amene Kapitawo sawalola, ndipo anakakonza kwa zaka kuti kaziwerenga zizindikiro za ntchito yathu momwe makutu awo amamvera. Pamene ndinazula timawaya tija tikulankhula, ndinkadziwa kuti ndikuzula chiyani.

Choipa kwambiri ndi ichi. Njira inalipo, ndipo ine ndi amene ndinkaidziwa bwino kuposa onse. Kapitawo amatha kumanga kachipinda kapadera mu laputopu, kosungiramo mapaketi akale osasokoneza zina. Kungoti laputopu yotero pakhoma imaoneka yachikasu, osati yobiriwira, ndipo pamafunika chifukwa. Ndikanatha kupita kwa mlamu wanga nkuwauza kuti ndikudziwa, tiyeni tikonze limodzi. Ndikanatha kupita nawo kwa Ba Nsofwa chitseko chili chotseka. Zonsezi ndinaziganiza Lachinayi lija laputopu ili patsogolo panga.

Ndinadziuza kuti ndikuteteza Chiti, kuti asaoneke woulula zinsinsi. Ndinadziuza kuti ndikupulumutsa ntchito ya mlamu. Zonsezo zinali zodzikhululukira. Ndinkafuna khoma lobiriwira lopanda banga, ndipo ndinkafuna mpando uja.

7

Mabwana sanachedwe. Anati vuto si maso, vuto ndi kubisa. Munthu amene wagwira mtima wa pulogalamu yonse sangabise chinthu chotero, bwanji akanalakwitsa malole nkusochera? Sanatchule kuti malole atasowa pamapu, amene anawabweza ndi munthu yemweyo wosaonayo. Anatumiza Ba Kalumba kwa dokotala wa kampani, ndipo mwezi usanathe anawapumitsa ntchito chifukwa cha matenda.

Ba Nsofwa anayesa kuwamenyera nkhondo, zimenezo ndikuchitira umboni. Atalephera anandiitana, maso ali ofiira.

"Sembe bananiuza chabe neka," anatero. "Ni chinthu cha mphindi zing'ono, iwe uziba. Nanga iwe ukhala nabo pafupi, sunaoneko kanthu?"

"Awe, sininaone."

Anagwedeza mutu nkundiuza kuti mpando uja ndi wanga. Anandipatsanso tebulo la pafupi ndi zenera, limene linali la Ba Kalumba. Mu dilowa ndinapezamo mabotolo a mankhwala a m'maso opanda kanthu, atawabisa kuseri kwa mapepala. Ndinakalowa kuchimbudzi nkulira mpaka mutu unawawa, kenako ndinasukusula nkukatsogolera miting'i yanga yoyamba.

Kunyumba ndinkazemba. Ndinasiya kudutsa pampanda, mchere ukatha ndinkakagula. Mkazi wa Ba Kalumba, Ba Luse, anayamba kukazinga vitumbuwa pamsewu, mayi amene sanagulitsepo kanthu moyo wake wonse, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadutsa pamenepo ndi nsapato zanga zatsopano.

Loweruka lina masana Ba Luse anandiitana pampanda.

"Bakufuna ba mulamu bako. Bali pa khonde."

8

Ndinawapeza atakhala pampando wa pulasitiki, wailesi ili pamiyendo koma yosatsegula. Ndinagwada patali pang'ono.

"Ni Marjory? Sendela. Khala pa mupando, ndiwe bwana manje."

Ndinakhalabe pansi. Anafunsa za ku Nakonde, anafunsa ngati Kapitawo akugwira bwino ntchito. Ndinati inde, malole sanasowenso.

"Ni chinthu chabwino chija," anatero. "Nenze kuziba kuti ni chabwino. Nenze kufuna chabe nthawi yosamusa kanthu kanga. Kanasala pang'ono."



"Pasiwedi yanga ninapasa munthu umozi," anapitiriza, mawu ali pansipansi kuti Ba Luse asamve. "Ico sichinanivute maningi. Ninati mwana afuna kusiliza nchito, sanazibe. Koma pamene unakamba va menso, ninamva mau yako. Munthu oseka chimbuya mau yake siyanjenjema. Unenze kuziba."

"Mulamu, nikhululukileni."

"Ni Chiti anakuuza."

Silinali funso. Ndinangowerama, misozi ikugwera pasimenti.

Anasisita wailesi ija. Ndinkayembekeza kuti anditukwane, andithamangitse, aitane banja lonse. Ndikanakonda zimenezo.

"Mvela," anatero. "Chiti ninamulela ine, kuchokela ali na zaka zisanu. Akaziba kuti kamwa yake ndiye inakupasa mupeni, azazizonda moyo wake onse, na iwe azakusiya. Nataya menso, nataya nchito. Sinifuna kutaya na nyumba ya mufana wanga. Ba Luse na Chiti nabauza kuti munthu wina ku ofesi anagwila laputopu, sinimuziba. Iwe uzakhala zii."

"Siningakwanise."

"Uzakwanisa. Unakwanisa pa Chibelu pamene unanipasa moni pa mpanda, na pa Sondo ku chalichi."

Kenako anaitana mkazi wawo mokweza, mawu ali osangalala ngati kale. "Ba Luse, bapaseni vitumbuwa ba Chipata aba, bapumuleko ku mbeba."

Ba Luse anaseka, nkubwera ndi mbale. Ndinadya chitumbuwa chimodzi pamaso pawo chifukwa kukana kukanaonetsa.

9

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni. Ndasintha mayina, koma amene anali m'chipinda chija adzizindikira, ndipo mwina ndi zimene mtima wanga ukufuna.

Kapitawo sindimuimba mlandu. Anandifunsa asanasese, ndipo amene anayankha ndine. Masiku ano kukabwera chinthu chatsopano ku ofesi, wina nkumazengereza, ndimamutengera pambali nkumufunsa chimene akuopa kutaya. Anyamata amati ndine bwana wachifundo. Sadziwa kuti chifundocho ndinachigula ndi ntchito ya munthu amene anandiphunzitsa. Inunso ngati kuntchito kwanu kuli wina amene akukana zatsopano popanda chifukwa chomveka, musathamangire kunena kuti ndi ukalamba kapena nsanje. Anthu amasenza zinthu zimene sangazinene pagulu, ndipo nthawi zina amene akudziwa ndi inuyo.

Ba Kalumba sanabwezenso mawu pa nkhaniyi. Akandimva pampanda amandiseka za mbeba, ine nkuyankha za kolwe, Ba Luse ndi Chiti nkumaseka. Awirife timadziwa kuti tikuchitira iwowo.

Chimene chikundidya ndi Chiti. Amauza aliyense kutchalitchi kuti mkazi wake ndi yekhayo amene anaima ndi mkulu wake ku ofesi kuja. Ndipo nkhani ya munthu wogwira laputopu sanaiiwale. Akuti safuna ndewu, akungofuna amuone nkhope, amufunse ngati ali ndi abale.

Dzulo tikudya anaika dzanja paphewa langa.

"Iwe ndiwe bwana manje, Marjory. Vonse vipita pa tebulo yako. Sunamupeze?"

Ndinamuwonjezera ndiwo m'mbale, nkumuuza kuti ndikufufuzabe.